Momwe mungafufuzire nambala yaikulu kwambiri ndi kudziwa gulu lake

Chaka chilichonse, makamaka mayeso a MSCE akayandikira, ophunzira a kuno ku Mulanje amandibweretsera funso limodzimodzi: alemba nambala yaitali papepala, ndipo akufuna kudziwa ngati ndi prime, ngati ndi square, komanso kuti ili ndi ma factor angati. Aphunzitsi anzanga a ku Luchenza ndi ku Limbuli nawonso amanditumizira manambala otere pa WhatsApp. Ambiri mwa ofunsawa amadziwa bwino kugawa ndi kuchulukitsa. Chimene chimawasowa ndi ndondomeko, ndipo koposa zonse sadziwa polekezera, kotero kuti ena amaleka ntchito isanathe pamene ena amapitirira ntchito itatha kale. Ndaona kuti ndi bwino kulemba ndondomeko yonse kamodzi, kuti aliyense aziitsata yekha ali ndi pensulo ndi pepala.

Mawu amene tigwiritse ntchito ndi omwe aja a m'kalasi. Factor ndi nambala imene imagawa inzake popanda chotsala, monga mmene 3 amagawira 12. Prime ndi nambala yoposa 1 imene ma factor ake ndi awiri okha, 1 ndi iyo yomwe, monga 2, 3, 5, 7 ndi 11. Nambala yoposa 1 imene si prime imatchedwa composite. Nambala 1 ilibe mbali m'magulu awiriwa, ndipo amene amailemba pamndandanda wa ma prime amataya malikisi pachabe. Dijiti ndi chizindikiro chimodzi mwa khumi aja, kuyambira 0 mpaka 9, amene timalembera manambala onse.

Nambala imene tiyende nayo kuyambira poyamba mpaka pomaliza ndi 2,801,679,804.

1. Ilembeni bwino, ndipo muiwerenge mokweza.

Gawani madijiti atatuatatu kuyambira kumanja, osati kumanzere, ndipo muwerenge kuti alipo angati. Nambala yathuyi ili ndi madijiti 10: mabiliyoni awiri, mamiliyoni 801, zikwi 679, ndi 804. Kuti mumve kukula kwake, ganizirani kuti masekondi ochuluka choncho ndi zaka zoposa 88.

Pano pali misampha ya zipangizo. Calculator ya pafoni ikaona kuti nambala yatalika imatha kuilemba mwachidule monga 2.8E9, ndipo madijiti a kumapeto, amene ndi ofunika kwambiri pa ntchito yathuyi, amabisika. Pulogalamu ya Excel imasunga madijiti 15 okha, ndipo mukalemba nambala yaitali kuposa pamenepo, otsalawo imawasandutsa ziro popanda kukuchenjezani. Choncho nambala yanu muikopere papepala poyamba, ndipo muiyerekeze ndi kumene mwaitenga musanayambe china chilichonse, chifukwa dijiti imodzi ikasintha, mayankho onse otsatira amasinthanso.

2. Yang'anani kumapeto kwake.

Dijiti yomaliza ikakhala 0, 2, 4, 6 kapena 8, nambalayo ndi even, ndiye kuti 2 amaigawa. Apo ayi ndi odd. Yathuyi yathera ndi 4, choncho ndi even, ndipo pompano tadziwa kale kuti si prime, popeza prime ya even ndi 2 yekha. Kuti mudziwe za 4, onani madijiti awiri omaliza: 04 amagawika ndi 4. Za 8, onani atatu omaliza: 804 kugawa ndi 8 kumasiya 4, choncho 8 saigawa. Pa 5 pamafunika kuti nambala ithere ndi 0 kapena 5, ndipo yathuyi sinatero.

Dijiti yomwe yomalizayo imanenanso za square, imene ndi nambala yopezeka pochulukitsa nambala ina ndi iyo yomwe, monga 49 amene ndi 7 × 7. Square siithera ndi 2, 3, 7 kapena 8. Koma musatembenuze lamuloli: kuthera ndi 4 sikutanthauza kuti nambalayo ndi square, kwangotanthauza kuti funsolo likadali lotsegula.

3. Phatikizani madijiti onse.

2 + 8 + 0 + 1 + 6 + 7 + 9 + 8 + 0 + 4 = 45. Popeza 45 amagawika ndi 3 komanso ndi 9, nambala yonseyo imagawikanso ndi 3 ndi 9. Lamuloli limagwira ntchito chifukwa 10 ndi 9 + 1, 100 ndi 99 + 1, 1,000 ndi 999 + 1, ndipo zimapitirira choncho, kotero kuti malo alionse mukawagawa ndi 9 chotsala chake ndi dijiti yomwe ili pamalowo. Ndatchula chifukwachi dala, pakuti ophunzira ambiri amatenga lamuloli n'kukaligwiritsa ntchito pa 7 kapena pa 4, kumene siligwira n'komwe. Ena amaona nambala yothera ndi 3 kapena 9 n'kunena kuti imagawika ndi 3, pamene 13, 19 ndi 23 onsewa ndi ma prime.

4. Yesani 7, 11 ndi 13 nthawi imodzi.

Njira iyi siipezeka kawirikawiri m'makope a ophunzira, koma pa nambala yaitali imapulumutsa nthawi yambiri. Tengani magulu a madijiti atatuatatu aja, muyambe ndi gulu la kumanja, ndipo muzichotsa ndi kuphatikiza mosinthanasinthana: 804 − 679 + 801 − 2 = 924. Tsopano yesani 924 m'malo mwa nambala yaikuluyo. 924 ndi 7 × 132, ndiponso ndi 11 × 84, koma mukamugawa ndi 13 pamatsala 1. Ndiye kuti 7 ndi 11 amagawa nambala yathu, 13 ayi. Chinsinsi chake n'chakuti 7 × 11 × 13 = 1,001, amene amangoposa 1,000 ndi 1 yekha. Yankho likatuluka la negative musadandaule, ingochotsani chizindikirocho n'kupitirira. Likatuluka 0, atatu onsewo amagawa nambalayo.

5. Gawani ndi ma factor amene mwapeza, mmodzi ndi mmodzi.

Mpaka pano tangozindikira ma factor. Tsopano tiwachotse kuti nambala ichepe.

2,801,679,804 ÷ 4 = 700,419,951

700,419,951 ÷ 9 = 77,824,439

77,824,439 ÷ 7 = 11,117,777

11,117,777 ÷ 11 = 1,010,707

Prime iliyonse muibwereze mpaka ikane, chifukwa imatha kupezeka kangapo mu nambala imodzi. Nambala 700,419,951 ndi odd, ndiye 2 watha. Madijiti a 77,824,439 akaphatikizidwa amapereka 44, amene sagawika ndi 3, ndiye 3 wathanso. Pa 1,010,707 njira ya magulu ija imapereka 707 − 10 + 1 = 698, ndipo 7, 11 ndi 13 onse amakana. Nambala ya madijiti 10 ija yatsika kufika pa madijiti 7.

6. Fufuzani chotsalacho, ndipo dziwani polekezera.

Apa ndi pamene mabuku ambiri amangodutsa ndi mawu akuti "pitirizani mpaka mutapeza ma prime okhaokha", osanena kuti munthu angadziwe bwanji kuti wafika. Wophunzira amayang'ana 1,010,707, amayesa 17 ndi 19, amaona kuti akana, ndipo amalemba kuti ndi prime chifukwa "ikuoneka choncho". Nambala siioneka ndi maso kuti ndi prime. Pamafunika umboni, ndipo umboniwo uli ndi malire ake odziwika.

Ganizirani munthu amene ali ndi mbande za tiyi 36 ndipo akufuna kuzibzala m'mizere yofanana. Angathe kuika mzere umodzi wa 36, mizere iwiri ya 18, itatu ya 12, inayi ya 9, kapena isanu ndi umodzi ya 6. Akapitirira pamenepo n'kunena kuti mizere 9 ya mbande 4, sanapeze chatsopano: ndi munda womwe uja wa mizere inayi ya 9, wangouyang'anira kumbali ina. Ma factor amayenda awiriawiri, wina wamng'ono ndi wina wamkulu, ndipo amakumana pa square root, nambala imene mukaichulukitsa ndi iyo yomwe imakupatsani nambala yanu, monga 6 pa 36. Choncho ngati nambala ili composite, imodzi mwa ma factor ake iyenera kukhala yosaposa square root yake. Mukayesa ma prime onse mpaka pa square root ndipo onse akana, nambalayo ndi prime, ndipo palibe chifukwa choyesera ina yoposa pamenepo. Mukaleka musanafike pamenepo, simunatsimikize kanthu.

Tsono pezani malire a 1,010,707. Tikudziwa kuti 1,005 × 1,005 = 1,010,025 ndipo 1,006 × 1,006 = 1,012,036, choncho square root ili pakati pa 1,005 ndi 1,006. Ma prime osafika 1,000 alipo 168, ndipo wotsatira wake ndi 1,009, amene wadutsa kale malire. Ndiye kuti ntchito yonse singapose kugawa ka 168. Ndi ntchito ya madzulo amodzi, yotopetsa koma yotheka, ndipo simufunika kuyesa manambala a composite monga 15 kapena 21, chifukwa 3, 5 ndi 7 atakana, awanso sangalole.

Lembani ma prime osafika 100 pamwamba pa pepala lanu. Alipo 25: 2, 3, 5, 7, 11, 13, 17, 19, 23, 29, 31, 37, 41, 43, 47, 53, 59, 61, 67, 71, 73, 79, 83, 89, 97. Samalani ndi 51, 57, 87 ndi 91, amene amalowa mozemba m'mindandanda ya ophunzira ambiri: 51 ndi 3 × 17, 57 ndi 3 × 19, 87 ndi 3 × 29, ndipo 91 ndi 7 × 13. Yambirani pa 17, ndipo pa prime iliyonse muzilemba chotsala pambali pake, kuti mukadodometsedwa mudziwe pamene munalekezera. Pa 17 patsala 6, pa 19 patsala 2, pa 23 patsala 18, ndipo mukapitirira mpaka pa 97, pamene patsala 64, mupeza kuti onse akana.

Ambiri amagonjera apa, chifukwa mndandanda umene analoweza wathera pa 97. Koma malire athu ndi 1,005, osati 100, ndipo prime yotsatira yeniyeniyo ndi imene imatsegula nambalayi: 1,010,707 ÷ 101 = 10,007, popanda chotsala. Munthu wa diso lakuthwa akanatha kuona zimenezi msanga, pakuti 1,010,707 ndi 1,010,000 kuphatikiza 707, ndipo onse awiriwa ndi ochokera kwa 101. Koma diso lotere silibwera tsiku lililonse, ndipo ndondomeko ndiyo imene siikugwiritsani mwala.

Tsopano patsala 10,007, ndipo apa pali mfundo imene ndimafuna wophunzira aliyense aigwire. Nthawi iliyonse mukapeza factor, malire amatsika, choncho muwapezenso mwatsopano. 100 × 100 = 10,000 ndipo 101 × 101 = 10,201, ndiye square root ya 10,007 yangodutsa 100 pang'ono. Ma prime oyenera kuyesedwa ndi 25 aja osafika 100, ndipo onsewo anakana kale pa 1,010,707. Prime imene yalephera kugawa 1,010,707 singagawe 10,007, chifukwa 10,007 ndi factor ya 1,010,707. Choncho 10,007 ndi prime, ndipo tatsimikiza zimenezi popanda kugawa kwina kulikonse. Amene sadziwa mfundoyi amayambiranso pa 2, n'kubwereza ntchito yonse pachabe.

Chenjezo limodzi la calculator pa sitepe imeneyi. Ma calculator ena oonetsa madijiti 10 okha, yankho likadzaza malo onsewo, amabisa zimene zili kuseri kwa kadontho. Mukagawa 2,801,679,805 ndi 2, yankho lenileni ndi 1,400,839,902.5, koma chipangizocho chikhoza kukuonetsani nambala yathunthu ngati kuti palibe chotsala. Yankho lililonse looneka lathunthu mulichulukitsenso ndi nambala imene munagawira, ndipo muone ngati mwabwerera pa nambala yoyamba mpaka dijiti yomaliza.

7. Lembani nambalayo ngati ma prime ochulukitsidwa, ndipo magulu ake muwawerenge kuchokera pamenepo.

2,801,679,804 = 2² × 3² × 7 × 11 × 101 × 10,007.

Kanambala kakang'ono ka pamwambako ndi power, ndipo kamasonyeza kuti prime imeneyo yapezeka kangati. Pamene sikanalembedwe, power ndi 1. Nambala iliyonse yoposa 1 ili ndi njira imodzi yokha yolembedwera chotere, kaya munayambira kugawa ndi 2 kapena ndi 11. N'chifukwa chake mzere umenewu ndi wodalirika, ndipo mafunso otsala onse amayankhidwa kuchokera pa iwo.

Kuti mudziwe kuchuluka kwa ma factor, onjezerani 1 pa power iliyonse, kenaka muchulukitse: 3 × 3 × 2 × 2 × 2 × 2 = 144. Kuonjezera 1 kuja kuli ndi chifukwa chake: popanga factor, 2 mungathe kumusiya, kumutenga kamodzi kapena kumutenga kawiri, zimene ndi njira zitatu, pamene 7 mungathe kumusiya kapena kumutenga, njira ziwiri. Mu 144 amenewa muli 1 ndi nambala yomweyo. Kuiwala kuonjezera 1, kapena kuphatikiza m'malo mochulukitsa, ndi zolakwa ziwiri zimene zimapezeka kwambiri pamapepala.

Funso la square lija layankhidwa tsopano. Nambala imakhala square pokhapokha ma power ake onse ali even, ndipo apa 7, 11, 101 ndi 10,007 ali ndi power 1. Mungatsimikizenso mwa njira ina: 52,930 × 52,930 = 2,801,584,900 ndipo 52,931 × 52,931 = 2,801,690,761, ndiye nambala yathu yagwera pakati pa ma square awiri otsatizana. Si cube (nambala yonga 27, amene ndi 3 × 3 × 3), chifukwa cube imafuna ma power ogawika ndi 3.

Gulu lina limadalira kuphatikiza ma factor onse. Simufunika kulemba onse 144. Pa prime iliyonse phatikizani ma power ake kuyambira pa 1: pa 2 ndi 1 + 2 + 4 = 7, pa 3 ndi 1 + 3 + 9 = 13, ndipo pa enawo ndi 8, 12, 102 ndi 10,008. Mukachulukitsa, 7 × 13 × 8 × 12 × 102 × 10,008 = 8,917,848,576. Chotsanipo nambala yomweyo, ndipo patsala 6,116,168,772. Chotsalachi chikaposa nambalayo, nambalayo imatchedwa abundant. Chikachepa ndi deficient. Chikafanana nayo ndendende ndi perfect. Yathuyi ndi abundant. Tikanatha kudziwa zimenezi kuyambira pa sitepe yachitatu, chifukwa nambala iliyonse yoposa 6 yogawika ndi 6 ndi abundant: theka lake, gawo lake limodzi mwa atatu ndi gawo lake limodzi mwa asanu ndi limodzi zikaphatikizidwa zimakwana kale nambalayo, ndipo 1 amaposetsa. Manambala a perfect ndi osowa kwambiri. Oyambirira ndi 6, 28, 496 ndi 8,128, ndipo wachisanu ndi 33,550,336. Onse amene akudziwika ndi even, ndipo mpaka lero palibe amene wapeza perfect ya odd kapena kutsimikiza kuti kulibe.

Kwa amene akuphunzira za makompyuta, nambala yathuyi ili pakati pa 2³¹, amene ndi 2,147,483,648, ndi 2³², amene ndi 4,294,967,296, choncho mu binary imalembedwa ndi madijiti 32.

8. Zindikirani pamene pensulo yafika pomaliza.

Nambala yathu inali yachifundo chifukwa inali ndi ma factor aang'onoang'ono. Ikanakhala yopanda otere, tikanayenera kuyesa ma prime onse mpaka pa 52,930. Pa nambala ya madijiti 20, square root imakhala ya madijiti 10, ndipo ma prime osafika mabiliyoni khumi alipo 455,052,511. Palibe munthu amene angagawe kochuluka choncho ndi dzanja.

Ngakhale akatswiri anapunthwapo pamenepa. Pierre de Fermat anaona kuti 3, 5, 17, 257 ndi 65,537 onse ndi ma prime, ndipo anakhulupirira kuti wotsatira mumzere umenewo, 2³² + 1 kapena kuti 4,294,967,297, ndi primenso. Mu 1732 Leonhard Euler anasonyeza kuti nambalayo ndi 641 × 6,700,417. Ndimaitchula nkhaniyi kwa ophunzira chifukwa cholakwacho ndi chomwe chija cha pa sitepe yachisanu ndi chimodzi, kunena kuti nambala ndi prime usanafike pamalire. Mu 1903 Frank Nelson Cole anaonetsa kuti 2⁶⁷ − 1 ndi 193,707,721 × 761,838,257,287, makompyuta kulibe.

Masiku ano manambala otere amaperekedwa ku kompyuta, ndipo ndi bwino kudziwa kuti mafunso ake ndi awiri osiyana. Kudziwa ngati nambala ndi prime n'kosavuta kwa kompyuta, chifukwa pali mayeso amene sadalira kugawa ndi prime iliyonse. Kupeza ma factor a nambala yaikulu ya composite n'kovuta kwambiri, ndipo njira yotetezera mauthenga pa intaneti yotchedwa RSA, imene Rivest, Shamir ndi Adleman anaitulutsa mu 1977, yatsamira pa kuvuta kumeneku. Mayeso ena ofulumira amatha kunamizidwa: 341 amadutsa mayeso a Fermat ogwiritsa ntchito 2 ngati kuti ndi prime, pamene ndi 11 × 31. Choncho pulogalamu ikakuuzani kuti nambala ndi "probable prime", mulembe choncho, musasinthe n'kulemba kuti ndi prime. Mu Okutobala 2024, Luke Durant, kudzera m'gulu la GIMPS, la anthu ofufuza ma prime aakulu ndi makompyuta, anapeza kuti 2 wa power 136,279,841, kuchotsapo 1, ndi prime ya madijiti 41,024,320, ndipo anthu anailandira atatsimikiza ndi mayeso a Lucas-Lehmer, amene pa manambala a mtundu umenewu amapereka yankho lotsimikizika.

Ngati nambala yanu yaposa madijiti 12 ndipo chotsala chake chakana ma prime onse osafika 1,000, ipatseni kompyuta, koma masitepe asanu oyambirira muchitebe ndi dzanja, ndipo ma factor amene kompyuta yakupatsani muwachulukitse nokha papepala kuti muone ngati akubwezerani nambala imene munayamba nayo.